Adadi a ku Laibulale

Lolemba, 3 Juni

Uthenga wa mawu ukulowa pa foni ndili m'takisi yochokera ku Parow, komwe ndimakhala. Ndi Tadala, mwana wanga yekhayo, wa Sitandade 6 ku Balaka. Akuti wauza kalasi yonse kuti adadi ake amagwira ntchito ku laibulale yaikulu ya ku Kepi. Mnzake wina wamutsutsa kuti ndi bodza. Aphunzitsi agamula kuti Lolemba likubwerali abweretse chithunzi.

"Adadi, mukhale pa desiki yanu, mutagwira buku."

Desiki yanga!

Kunama sindinaname ayi. Ku laibulale ndimagwiradi. Kungoti wilibala sindinaitchule. Nyumbayi tikuikonzanso, ndipo gawo langa ndi kupala penti ndi kututa zigumu.

Komatu nyumba yake! Miyezi iwiri yatha, koma m'mawa uliwonse ndimaimabe pakhomo kukamwa kuli yasa. Zipilala zoti anthu atatu sangazikumbatire. Chitseko chachitali ngati ankayembekezera nyamalikiti. Ngakhale kapitawo wathu wolalata uja, akalowa m'chipinda chowerengera amayamba kunong'ona.

Zofunika:
jekete (a Mhango, mmisiri wa pulasitala wa ku Rumphi, ali nalo)
tayi
magalasi a maso
buku lonenepa
desiki yaikulu ija ya pakati pa chipinda

Mphindi zisanu zokha, nthawi ya nkhomaliro. Nkhani yaing'ono.

Lachiwiri, 4 Juni

A Mhango abwera nalo jekete. Ndi la ukwati wawo, akuti ndilisamale ngati dzira. Manja ake akundifika ku zikhadabo, koma m'chithunzi sizioneka.

Nkhomaliro yakwana. Ndavala, ndikuyenda monyang'wa kulowera ku desiki. Kapitawo tulukiru!

"Hayi, bhuti! Muno si m'tchalitchi. Chipewa chili kuti?"

Lamulo ndi lakuti aliyense avale chipewa cholimba ndi chovala chachikasu chowala, ngakhale meya. Ndafunsa ngati ndingavale jekete pamwamba pa zonsezo. Wangondiyang'ana.

Mphindi zotsala ndakwera masitepe achitsulo ozungulira ngati nkhono, kukabisa jekete kumtunda. Kumeneko sindinafikeko chiyambire. Mashelefu mpaka kudenga! Fungo lake ngati la chikopa ndi fodya wouma m'chigafa. Ndaponya maso pansi, anthu akuoneka ngati nyerere zovala zipewa. Ndangoti kakasi mpaka belu.

Chithunzi: palibe. Nkhomaliro: ndaiwala kudya.

Lachitatu, 5 Juni

Lero ndaona zoti ndidzasimbire adzukulu.

Tikugwetsa siling'i ya m'chipinda chowerengera, ya mabolodi oyera wamba. Mayi Jacobs, amene asunga mabuku muno kuyambira ali mtsikana, akhala akunena kuti kuseri kuli chinthu. Ife timati ndi nkhunda.

Bolodi loyamba pansi. Fumbi. Lachiwiri, fumbi ndi zisa. Lachitatu, kuwala!

Denga lina lathunthu pamwamba pa lomwe timalidziwa, lozungulira ngati lichero lovundikira, lonse la magalasi. Obiriwira, ofiira, achikasu, ena ngati uchi. Dzuwa langolowa mkati n'kutipaka mitundu tonse. Kapitawo wasanduka wobiriwira. A Mhango avula chipewa n'kuyamba nyimbo ya Chitumbuka, ndipo lero palibe wawakumbutsa za lamulo.

Mayi Jacobs akupukuta maso ndi mpango. Akuti bambo awo ankakolopa pansi pano zaka zambiri, koma nthawi ya tsankho ija, kukhala pampando n'kutsegula buku sankaloledwa. Ndiwo anawauza za dengali.

Anthu analimanga bwanji popanda makina? Nanga amene analitseka ndi mabolodi, anagona tulo tsiku limenelo?

Vuto limodzi lokha. Jekete ndinalikoloweka pa msomali kumtunda kuja, pafupi ndi siling'i. Linali lakuda. Tsopano likuoneka ngati thumba la ufa, ndipo paphewa nkhunda yasainapo.

A Mhango sindinawauze. Anali mu mzimu, sindikanawasokoneza.

Lachinayi, 6 Juni

Jekete ndachapa, lili pa chingwe ku Parow. Mvula yayamba.

Pulani yatsopano: shati yoyera ndi tayi, chipewa ndichivule kwa kamphindi kapitawo akapita kukagula chakudya. Ndafika m'chipinda chowerengera. Desiki kulibe! Pangotsala mapazi ake anayi pa matabwa. Akuti yapita ku Epping kwa akalipentala, ibwera miyezi itatu ikatha.

Mabuku nawonso akulowa m'makatoni. Ndapita kwa mayi Jacobs, ndawafotokozera zonse, ndi za wilibala zomwe. Sanaseke. Andipatsa buku lalikulu kuposa onse otsala, lolemera ngati thumba la simenti, ndipo andikhazika pa makatoni awiri. Magalasi andibwereka awo. Nditavala, dziko lonse lasanduka phala.

Wojambula: a Mhango. Ajambula kasanu ndi kawiri.
Zitatu: denga lokhalokha.
Ziwiri: denga ndi chala chawo.
Chimodzi: denga ndi nsonga ya mutu wanga.
Chomaliza ndikuonekamo bwinobwino, koma buku ndagwira chadodolido, ndipo pachikuto pali chithunzi cha nkhumba yodwala. Ndi la matenda a ziweto, m'Chiafrikaans.

"Pepani, akulu," akutero a Mhango, "dzanja likungokwera lokha."

Sindingawadzudzule. Inenso khosi likuwawa ndi kuyang'ana kumwamba.

Lachisanu, 7 Juni

Mvula. Jekete likudontha. Tayi yagwera mu ndowa ya penti.

Kwabwera mayi wojambula mapulani kudzaona ntchito, ndipo watiyalira mapepala ake pa wilibala yanga. Wilibala yanga, desiki ya anthu ophunzira! Zomwe zikubwera muno:
chipinda cha ana, mipando yake yofika m'mawondo
makompyuta, aliyense kugwiritsa ntchito ulele
chikepe, ndi njira yotsetsereka ya oyenda pa njinga za olumala
chipinda cha misonkhano, china cha ofuna ntchito kuti azilemberamo makalata

Ndafunsa ngati munthu wobwera ngati ine adzaloledwe kulowa. Wadabwa. "Aliyense," akutero. Ndafunsanso kuti ngakhale mwana wa ku Balaka? Akuti sadziwa kuti Balaka ili kuti, koma inde.

Tsiku lonse m'maganizo ndikuona Tadala atakhala pansi pa magalasi aja, nkhope ili yofiira mbali ina, yachikasu mbali ina. Ndagunda chipilala ndi wilibala kawiri. Chipilala sichinamve n'komwe.

A Mhango afunsa za jekete. Ndati likupuma.

Loweruka, 8 Juni

Ntchito ya theka la tsiku, mwayi wotsiriza. Buku lomaliza lalowa m'katoni, katoni yalowa m'lole. Shati yoyera ndavala mkati mwa ovololo, mwina mpata upezeka.

Mpata wake ndi uwu: kapitawo akufuna munthu wopepuka wokwera nsanja yazitsulo kukatsuka magalasi. Onse akuyang'ana ine.

Andimanga lamba m'chiuno, chotchinga pakamwa ndi mphuno, chipewa, kandowa ka madzi a sopo, ndi mswachi. Mswachi weniweni wotsukira mano! Akuti magalasiwa ndi okalamba kuposa agogo a aliyense pano, safuna nkhanza.

Ndakwera mpaka pamwamba. Kenako ndapukuta kagalasi koyamba, kakang'ono ngati chikhatho. Kanali kabulauni. Kasanduka kabuluu, buluu woti sindinamuonepo pa nsalu kapena pa thambo. Mkati mwake muli timathovu ta mpweya. Mpweya wa munthu amene anakapanga, uli momwemo mpaka lero! Ndatsuka galasi lachiwiri. Lachitatu. Za shati ndaiwala. Belu lalira, ine osalimva, mpaka kapitawo wachita kugwedeza nsanja.

Pansi mayi Jacobs akundionetsa foni yawo. Andijambula ndili kumwamba, osandiuza.

"Tumiza ichi," akutero. "Desiki aliyense ali nayo."

A Mhango ndawaululira za jekete. Akuti bola inali nkhunda ya m'laibulale.

Lamulungu, 9 Juni

Kutchalitchi ndangoyang'ana siling'i. Mabolodi oyera. Ndani akudziwa?

Chithunzi china palibe, ndiye ndatumiza cha mayi Jacobs. Denga lonse likuyaka mitundu, pakati pake kamunthu kotuwa mbuu ndi fumbi, nkhope yobisika, mswachi m'manja. Ndinalemba mawu ambiri ofotokoza za wilibala, ndafufuta. Ndangoti, "Kuntchito."

Yankho lafika ndikusita jekete.

"Adadi! Denga limeneli ndi lenileni? Mawa akaona! Ndikaonetsa kalasi yonse, ndi ahedi omwe! Koma bambo otuwa ali pakatiwo akutchinga pokongola. Muwauze asunthe, mujambulenso."

Kumbuyo ndikumva amake akuseka mpaka kutsokomola. Iwo andizindikira, miyendo ya matewe sibisika.

Ndamuyankha kuti ndiwauza mawa. Ndi bambo omva ndithu, koma sasuntha msanga. Magalasi atsala ambiri.