Galu wa a Telala

A Telala ankauwa. Osati kulalata ayi, kuuwa kwenikweni kwa galu, kochokera pansi pa mimba. Bambo wamkulu wa imvi zake, tepi ili m'khosi, ankati akaona munthu wachilendo akusuzumira pa geti, n'kuthamangira kuseri kwa chitseko n'kuyamba: "Hu! Hu! Huuu!"

Mkazi wawo manyazi ankawagwira mpaka kulakalaka nthaka itang'ambika. Koma chifukwa chake ankachidziwa. Ana akadali aang'ono, akuba anawanyamulira makina osokera dzuwa likuswa mtengo, ndipo njala inawakwapula mpaka ana kuoneka nthiti. Makina achiwiriwa, akuda, opalasa ndi phazi, ndiwo anali munda wawo. Maso a bambo atayamba kufooka, mayiwo ndiwo ankasokerapo mayunifolomu a ana a sukulu.

"Bwanji osangoweta galu weniweni, bambo?" anafunsa tsiku lina.

"Galu weniweni amadya, mayi. Amagonanso, ndipo ukamuponyera nyama amaiwala ntchito. Wangayu sanyengeka."

"Nanga apolisi ntchito yawo n'chiyani?"

"Wakuba saganiza za ndende, ndende ili kutali. Iye amaganiza za mwendo wake lero lomwe."

Bodzalo analisamala ngati mwana. Anamanga khola kuseri kwa nyumba, anagula unyolo wonenepa, anaika ndi mbale yomwe. Ku butchala ankakuwa kuti aliyense amve: "Mafupa a chilombo changa chija!" Mafupawo ankathera mu mphika wa mayi. Nthawi zina ankamanga bandeji dzanja labwinobwino n'kumayenda nalo mu msewu, akupukusa mutu. "Wandilumanso. Mwini wake, ine! Nanga mlendo angamutani?"

Kenako bodza linawatembenukira. Aneba awo, mayi wa miyendo yotupa amene ankangokhala pa windo, anawakodola. "A Telala, nkhuku yanga yasowa. Galu wanuyo ndiye wadya."

A Telala akanati alibe galu, zonse zikanathera pomwepo. Anapepesa mwaulemu, n'kukagwira tambala wawo mmodzi yekhayo n'kupereka. Mkazi wawo anakwiya mpaka kusiya kuwayankhula, koma bambo anali kumwemwetera. "Mwaona, mayi? Wayamba kutchuka."

Atabwera opereka katemera wa chiwewe n'kufunsa kuti galu ali kuti, a Telala sanaphethire. "Wapita kukaona abale."

Kunena zoona, mu msewu monsemo munalibe wopusitsika. Koma kuuwa kukangomveka, makatani ankatseguka, wometa ankatuluka ndi kasitomala wometedwa theka, amayi ankasiya zochapa, onse kudzaseka. Mlendo uja, poona maso onsewo ali pa iye, ankangoyamba kufunsa njira n'kumapita. Mu msewu umenewo ngakhale malaya a pa chingwe sankasowa.

Chifuwa ndicho chinawagonjetsa. Kuuwa kunayamba kuthera m'chitsokomolo, ndipo anthu ankasekabe, koma kuseka kwake kofulumira kutha. Ali gone m'chipatala, anagwira dzanja la mkazi wawo.

"Mayi, tayeserani. Kamodzi kokha, ndimve ngati makina ndikuwasiya pabwino."

"Ine, ndi ulemu wangawu? Chirani mukauwe nokha."

A Telala anaseka mpaka namwino kubwera. Mawu amenewo mayi akudziguguda nawo pachifuwa mpaka lero, chifukwa bambo sanabwererenso kunyumba ndi miyendo yawo.

Tsiku loika maliro msewu wonse unapita ku manda. Wometa anatseka, a butchala anatseka, ana omwe anatsatira. Pobwerako, mayi anapeza chitseko chili pululu, loko akulendewera. Pakona pamene pankakhala makina panatsala zipsera za miyendo yake pa simenti, ndi yunifolomu yosatha kusoka itatayidwa pansi.

Sanalire, misozi inali itathera ku manda. Anangowoloka mpanda n'kukaima pa windo la aneba aja, amene miyendo inawaletsa kupita.

"Amayi, inu munali pompano. Simunamve chilichonse?"

Aneba anayang'ana pansi.

"Ndinamva, mayi. Geti linalira, chitseko chinalira. Koma sindinasuzumire. Ndinati mumtima, akanakhala wakuba, bwenzi a Telala atauwa."