Dileni Yanga Yakuda

Lolemba
Mayo ine! Tiyanjane, mwana wa malemu achimwene amene ndinamulera, wandimangira bafa m'nyumba muno ku Mushili. Shawa! Ine! Akuti pa foni, "Anti, dileni musankhe nokha, ndibwera pa Sabata kudzaona." Dileni ndi chitsulo cha pansi chomwe chimamwa madzi. Ndikufuna aipeze itatha, yokongola, adziwe kuti antiwo sanamuchititse manyazi.

Lachiwiri
Ku tauni ndi chitenje chatsopano. M'sitolo muli zozungulira, zamakona, zonyezimira ngati supuni. Koma iyi! Yaitali ngati mkono wanga, yakuda bii, yosalala. Mtsikana wogulitsa akuti, "Ba mayo, iyi ni ya mu mahotelo." Basi, iyoyo. Mu minibasi ndaifungatira ngati khanda, kondakitala akuseka.

Lachitatu
A pulambala akanda mutu. Akuti simenti ya pansi inatsetserekera pakati, yaitaliyi imafuna madzi azipita ku khoma. Aswanso pansi. Fumbi m'makapu, fumbi pabedi, fumbi m'mphuno. Ndikuimbabe nyimbo za kwaya.

Lachinayi
Yalowa! Koma achemwali anga aakulu afika kuchoka ku Chipata. Sakhala pansi mayi amenewa. Ndapita ku msika kukawagulira nsomba. Pobwera ndawapeza atagwada m'bafa ndi sitiluwaya ndi phulusa. "Akugulitsa chinthu cha mwaye, mng'ono wanga, koma chikuyera." Theka lonse mbee!

Lachisanu
Ndiwauze bwanji? Zala zawatupa, mawondo awo aja odwala. Akuitana aneba kuti adzaone ntchito yawo. Ndanena zikomo. Ndakalirira kuseri kwa nyumba, pang'ono chabe. Ndafunsa ku sitolo, akuti yomangira kale sabweza.

Loweruka
Nzeru! Polishi ya nsapato ya abambo a m'nyumba. Achemwali ali ku maliro kwa aneba, ine ndapaka kawiri, yada bwinobwino. Ndatsegula madzi kuti ndiyese. Matailosi akuda. Mapazi akuda. Thaulo loyera la alendo, lisatchulidwe. Abambo akufunafuna polishi yawo nyumba yonse, mawa ndi tsiku lawo lowerenga mawu ku tchalitchi.

Lamulungu
Tiya wafika. Waima pakhomo la bafa, wayang'ana dileni ya mawangamawanga, wayang'ana mapazi anga. Achemwali akuti, "Ndinatsala pang'ono kumaliza, mwanawe." Mwanayu waluma mlomo, mapewa akugwedezeka. Kenako wavula nsapato za ku ofesi, wagwada. "Anti aakulu, ndipatseni sitiluwayayo, timalize."

Takwecha atatu, mitu kugundana. Yakuda ija yapita yonse, ndipo sindidzainena. Pofuna kutsuka, mpopi wangolira mphepo, madzi kulibe Mushili yense.

Tiya wanditenthetsera madzi a mu dilamu, wandikhazika pa kampando m'shawa yanga, akunditsira ndi kapu, kunditsuka kumsana. Akuti ndisasunthe, ndimavuta posamba, mawu omwe ndinkamuuza ali mwana.

Madzi atsika bwino, ndisaname.