Jaji Amene Anali M'bale wa Aliyense

Pachilumba chathu chino palibe amene sadziwa kuti malemu a Jaji Evariste Confait anatha zaka makumi awiri pa khoti loona za malamulo oyendetsera dziko asanagamulepo mlandu. Matenda awo anali chibale. Lamulo limati jaji asakhale pa mlandu wa m'bale wake, ndiye iwo anapezerapo pogona.

Majaji a khotili ndi asanu, ndipo mlandu suyamba popanda atatu. A Confait ankalowa ndi mkanjo wosita bwino, n'kukhala pansi, n'kumuyang'anitsitsa wodandaula.

"Bambo, mwati ndinu a Esparon? A Esparon a kugombe?"

"Ayi bwana, a kumapiri."

"Ndiye zaipiratu! Azakhali anga anakwatiwa kumapiri komweko. Ndachokapo."

Pofika teni koloko unkawapeza kumsika akununkhiza nsomba. Tsiku lina kukhoti kunabwera mzungu wa hotela, wobadwira kutali kwambiri. Anamufunsa, kumufunsa, mpaka anapeza kuti galu wake ndi mwana wa galu wa alamu awo. Anachokapo. Anthu ankaseka. Inenso ndinkaseka, mpaka tsiku limene kalata ya boma inandipeza.

Bambo a mwana wanga Dorian anali mlendo wogwira ntchito pa sitima ya nsomba, ndipo anapita osatsanzika. Lamulo la nthawi imeneyo linkati mwana amatenga unzika wa bambo basi. Kalatayo inati Dorian, wa zaka zinayi, ndi mlendo, atuluke m'dziko pasanathe miyezi itatu. Apite kuti? Mayi Payet, loya wa gulu la amayi, anaitengera nkhaniyi kukhoti lija. Koma jaji mmodzi anali atamwalira, wina ali kuchipatala kunja. Anatsala atatu, wachitatuyo a Confait. Akangochokapo, miyezi itatu ithera panjira.

"Mwana wanga, pemphera kuti usakhale m'bale wawo," anatero Mayi Payet.

"Alipo pachilumba pano amene si m'bale wawo?"

"Mwina nkhanu."

Tsiku la mlandu ndinamufinya Dorian dzanja mpaka anadandaula. A Confait anavala magalasi.

"Mayi, dzina?"

"Josianne Sinon, bwana."

"Amayi anu?"

"Thérèse Sinon."

"Agogo anu aakazi?"

"Philomène. Ankachapa zovala m'nyumba ya anthu. Amayi anga anakula opanda bambo."

Apo Dorian anatsamiritsa dzanja pathabwa lakutsogolo. Kachala kake kakumapeto n'kopindika, ngati kanga, ngati ka amayi anga. Ndinawaona a Confait akukayang'ana. Kenaka ndinaona dzanja lawo, la kachala kopindika chimodzimodzi, likutsetsereka patebulo n'kulowa mumkanjo. Nyumba imene agogo ankachapamo inali ya bambo a jajiyo. Kwathu tonse tinkadziwa kuti bambo amenewo ndiwo anabereka amayi anga, sitinkanena chabe.

Munthu wothawa mlandu chifukwa cha galu, nanga mwana wa mlongo wake?

"Sinon, Sinon..." anakanda kumutu. "Dzina limeneli ndilibe nalo chibale. Tiyeni tiyambe."

M'khoti munachita phokoso ngati mumsika. Loya wa boma anadzuka. "Bwana, mwafufuza bwinobwino?"

"Khalani pansi, inu. Amadziwa abale anga ndani, inu kapena ine?"

Anakhala masiku atatu, thukuta kamukamu, dzanja lili mumkanjo momwemo. Lamulo la unzika lija linagwa, majaji awiri kwa mmodzi, ndipo a Confait anali mwa awiriwo. Chigamulo cha khotili sichibwezedwa, n'chifukwa chake ndalimba mtima kulemba izi, ngakhale wa makalata akaima pakhomo mtima umandigundabe.

Musaganize kuti ndikuwatamanda. Amayi anga anafa osalandirapo moni wawo ngakhale umodzi. Mpaka lero sindidziwa ngati anatikana chifukwa cha chifundo kapena manyazi. Ndimangodziwa kuti Dorian ali pasukulu, pakwawo.

A Confait anamwalira chaka chatha. Masiku ano majaji amakhala pa milandu ya apongozi awo osaphethira n'komwe, ndipo palibe wotifunsanso mayina a agogo. Khoti likugwira ntchito, koma mwazizira.

Pamaliro chilumba chonse chinakakhala kumipando ya achibale, mpaka mzungu wa galu uja. Ine ndi Dorian tinaima kumbuyo, padzuwa.

"Amayi, nanga ife sitikakhala uko?"

Ndinamugwira kachala kaja. "Ayi, bambo. Ife si abale awo. Ananena okha, pamaso pa khoti."