Mpando Umene Unabwera ndi Madzi

Lolemba, pa 9 Febuluwale

Wonena ndine, wolemba ndi mng'ono wanga Elube, poti iye sukulu anafika nayo patali, ine ndinalekera pa a e i o u. Ndamuuza kuti alembe zokhazo zimene ndanena.

Loweruka kukubwera alendo. Mwana wanga Tadala, mphunzitsi wa boma (lemba bwino pamenepo, wa boma!), wapeza mwamuna wa kumapiri, ndipo akwawo akudzaonekera. M'nyumba muno muli mphasa ziwiri, chithunzi cha Tadala ndi kalendala ya chaka chatha. Basi. Akapite kukanena kuti mphunzitsi anakulira m'khola?

Koma Mulungu sagona. Mtsinje unasefukira Lachisanu, ndipo lero madzi ataphwera ndapeza izi m'munda mwanga mwa mpunga:

chitseko chabuluu, chosathyoka;
mtondo waukulu;
chitsulo chozungulira ngati mwezi, ntchito yake sindikuidziwa;
mpando! Wa mlombwa, wokhala ndi poika mikono.

Kunsi kwa mpandowo kuli zilembo zowotcha ndi moto. Elube akuti ndi B ndi K. Ndani ameneyu? Ndi wamtali ndithu, chifukwa ine ndikakhalapo mapazi akulendewera.

Lachiwiri, pa 10

Pansi tazira ndi dothi lakuda, makoma tapaka laimu. Chitseko chagona pa njerwa, tsopano ndi thebulo. Mumtondo ndadzala maluwa ofiira. Chitsulo chija chili pakhoma, pamwamba pa chithunzi cha Tadala atavala gauni.

Pa kaunjika ku Golomoti ndapezako katani. Ili ndi nyama zoyera, zonenepa, zitaima pa chinthu choyeranso. Elube akuti ndi nkhosa. Nkhosa ya zikhadabo? Kumene inachokera kataniyi anthu amaweta chiyani?

Tiyi tikumwera pa thebulo. Akukoma mosiyana!

Lachitatu, pa 11

"Odi! Tikutsata katundu wathu, mayi."

Bambo wa kumtunda, matope mpaka m'maondo. Madzi akaphwera anthu a kumeneko amatsika m'mbali mwa mtsinje, kufunsa khomo ndi khomo. Sindinaiwale ayi. Ndimangoti mwina chaka chino atopa.

Wasuzumira, waloza thebulo. "Chitseko cha chimbudzi changa icho. Onani msomali wokolapo chingwe."

Elube walavula tiyi.

Bamboyo ndamuthandiza kusenza ndekha. Zatsala njerwa. Funso langa ndi limodzi: munthu amapakiranji penti wabwino chotere pa chimbudzi?

Lachinayi, pa 12

Lero ndi mayi, mwana kumsana. Waona mtondo, wagwada, waupapasa pamene pali mng'alu. "Wa malemu amayi anga uwu." Pamenepo ungatsutse chiyani? Maluwa ndasamutsira m'chitini, mtondo wapita pamutu.

Chitini ndaika pakhonde kuti maluwa aone dzuwa. Mbuzi ya a Nabanda, oyandikana nafe, nayonso yawaona.

Zotsala: katani, chitsulo, mpando. Galu akauwa mtima ukuti phaa!

Lachisanu, pa 13

Chitsulo chapeza mwini, ndipo ndasangalala, ndikunena zoona. Ndi gudumu la chigayo cha kumtunda, loyendetsa lamba. Mwini chigayoyo ndamukhazika pamphasa, ndamufunsa zonse: lamba amagwira pati, chimazungulira ndi injini kapena lambayo, nanga chinathawa bwanji. Wajambula pansi ndi chala. Zaka zonsezi ndikugayitsa osadziwa! Akuti anthu a midzi itatu abwerera ku mtondo sabata yonse, gudumu lawo likukongoletsa khoma langa.

Pakhoma patsala msomali.

Elube akuti, "Achemwali, mpandowo bisani m'nkhokwe, mukautulutse mawa." Ine si mbava. Mwini akabwera, atenge. Koma kuufunditsa chitenje si kuba. Ndaufunditsa.

A B.K., ngati mukubwera, bwerani Lolemba. Chonde.

Loweruka, pa 14

Afika atatu. Wotsogolera ndi malume ake a mnyamatayo, a Kamwendo, munthu wamtali ngati mgwalangwa. Mchimwene wanga, amene ndi nkhoswe ya Tadala, wawalozera mpando. Akhalapo. Mapazi afika pansi bwinobwino.

Ine ndili pamphasa pafupi ndi khomo, ndikuona zonse. Ayamba mawu awo mwaulemu, koma dzanja likusisita poika mkono. Likusisitabe. Mawu aima pakati. Aimirira, achotsa chitenje, atembenuza mpando miyendo m'mwamba.

Mchimwene watsokomola. Tadala akuyang'ana pansi. Ine ndikuti basi, ukwati wapita, akanena kumapiri kuti kunyanja kuno kuli mbumba ya mbava.

Ndalankhula ngakhale sinali nthawi yanga: "Unabwera ndi madzi, bambo. Unali mu mpunga wanga."

Aseka mpaka kupukuta misozi. "Sabata yonse ndikuulira mpando umenewu! Kani unatsogola kudzaona mudzi? Ife tachedwa, nkhani yatha kale!"

Dzina lawo loyamba ndi Bonifasi.

Kenaka akuti, "Usabwererenso kumapiri. Mwana wa mlongo wangayu akamabwera kuno kuchikamwini azikhalapo iyeyo. Ndi wake."

Nthungululu! Elube mpaka mawu asasa.

Lamulungu, pa 15

Ndabwerako ku Misa ku Mua. Ukwati ulipo, mpando ulipo.

Koma tsopano ndi mpando wa mkamwini, ndipo mpongozi sakhala pamalo pa mkamwini wake. Kwathu kuno ngakhale panjira timapatukirana. Ndaupukuta, ndauika pakona, ndaufunditsanso chitenje.

M'nyumba muli: mphasa ziwiri, kalendala ya chaka chatha, chithunzi cha Tadala, njerwa, msomali, nkhosa za zikhadabo, ndi mpando wabwino kuposa yonse m'mudzi muno.

Ine ndili pamphasa, ndikuuyang'ana. Masiku asanu ndinakhalapo, Elube, lemba zimenezo. Mapazi sankafika pansi, komabe ndinakhalapo.