Kompyuta Yati Zatha

Lolemba

Sabata ino sindikwera njinga yamoto. Ndalemba pano kuti pepala likhale mboni.

Loweruka kukubwera lole ya wogula wa ku Limbe kudzatenga mbatata ya kachewere ya alimi a gulu lathu ku Tsangano. Aliyense amve msanga, akumbe, athire m'matumba, afike nayo pamsewu. Wosamva, yake itsala. Chaka chatha uthengawu ndinayenda nawo ndekha khomo ndi khomo mpaka msana unandikana. Chaka chino ayi. Nanga sukulu ya makompyuta ndinapitiranji? Malume anga a Bizaliele, amene mbatata yawo inandiphunzitsa sukuluyo, chaka chino akolola kuposa onse. Ndikufuna aone kuti sanataye mbewu pathanthwe.

Ntchito yonse ndaiika pa kilaudi. A Ngozo, apampando athu, akufunsa kuti kilaudi n'chiyani. Ndikuti ndi makompyuta a eni ake, ali kutsidya kwa nyanja, ife timangobwereka, ndipo Chichewa chake ndi mtambo. Asuzumira pawindo. "Bola usagwetse matalala," akutero.

Mumtambomo mlimi aliyense ali ndi kaulendo kake:
meseji ipite pafoni yake,
makina adikire yankho tsiku limodzi, la matumba angati,
dzina lipeze malo mulole,
kaulendo katsekedwe.

Changa n'kungowerenga maulendo otsekedwa, ndili phee mu ofesi pa boma. Khodi yake, malamulo amene ndalembera kompyuta, ndi yaifupi kuposa pemphero la chakudya. Imafunsa mtambo kuti kuyambira nthawi yakuti kufika yakuti atsekedwa angati, mtambo n'kuyankha nambala imodzi basi. Pamwamba pa nambalayo ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu: ZATHA. Kukongola kwake!

Loweruka ine ndili pa ukwati wa Tiyamike, mnzanga wa kusekondale. Diresi lili kwa telala.

Lachiwiri

Mameseji apita m'mawa. Ndikuthamangitsa khodi, ndiko kuti ndikuituma ikafunse mtambo. ZATHA: ziro.

Ziro?! Chonsecho mayankho ena ndikuwaona ndi maso angawa akulowa.

Oganiziridwa:
netiweki,
magetsi, amene azima kawiri tiyi asanawire,
ine,
ufiti. Uwu ndaufufuta, ndine wa kwaya.

Ndaupeza mutu wake masana. Wotchi ya mtambo imatsalira maola awiri kumbuyo kwa yathu. Ndikati eyiti, iwo amamva eyiti yawo, imene kuno ndi teni. Ndiye kuti m'mawa wonse ndakhala ndikufunsa za nthawi imene sinafike. Mtambo si mneneri, wangonena chilungamo.

Koma zandisangalatsa bwanji. Ife amene amatinena kuti timachedwa pa chilichonse, kani tili patsogolo ndi maola awiri? Ndawauza a Ngozo. Akuti ndisawauze a komiti, angayambe kufika mawa lake.

Ndakonza. Nambala yayamba kukwera ngati mkaka pamoto. Ndikungoithamangitsa khodi mobwerezabwereza kuti ndiione ikukwera.

Mafunso amene ndilibe womufunsa: makompyuta amenewa ali m'nyumba yotani? Amasesamo ndani? Wosesayo akudziwa kuti muli mbatata ya malume anga?

Lachitatu

Iii. ZATHA yapitirira chiwerengero cha alimi athu. Alimi aswana usiku umodzi?

Ndisanaganize bwino, foni. Amayi. "Iwe, ndani akundilamula kakhumi konse kuti ndikumbe mbatata? Ndili ndi mbatata ine? Ndikumbe pakhonde?"

Ohoo. Dzulo ndisanatumize kwa alimi ndinayesera pa nambala ya amayi. Kakhumi. Mtambo suiwala, wawawerenga amayi ngati alimi khumi.

Mwayi wake, maulendo enieni ndinawapatsa chizindikiro choti tsangano. Ndawonjezera mzere umodzi, sefa, kuti khodi iziwerenga okhala ndi chizindikirocho okha. Amayi khumi atsala pasefa.

Nambala tsopano: ndendende ndi alimi athu. Palibe wotsala ngakhale mmodzi! Ndavina pang'ono pampando.

"Bambo, zonse zatha," ndawauza a Ngozo. Afunsa kuti zonse zenizeni? Ndawatembenuzira laputopu aone okha. Avala magalasi, awerenga mokweza, atenga foni. "Bweretsani lole yaikulu ija," akumuuza wogula.

Diresi ndatenga. Telala wabana pang'ono m'chiuno, koma ndipuma Lamulungu.

Lachinayi

M'mawa ku saluni. Tsitsi langa lero, ngakhale mkwatibwi asamale.

Pobwerera ndadzera mumsika. Mayi wogulitsa kabichi, woyandikana nyumba ndi malume, andikodola. "Amalume ako akufunsa, kodi lole ija chaka chino kulibe?"

Kulibe bwanji, poti kaulendo kawo kali pa ZATHA?

Ndawaimbira. Nambala siikupezeka. Ndayesanso. Siikupezeka.

Ndabwerera ku ofesi kukawerenga malangizo a eni mtambo, amene Lolemba ndinangowadumphadumpha ngati wowoloka mtsinje pamiyala. Kani iwo sananene kuti zatha bwino. Anati zotsekedwa. Ndipo chitseko chimatsekedwa m'njira zingapo:
ntchito yatheka,
ntchito yalephera,
nthawi yodikira yatha popanda yankho,
wina wailetsa,
wina waidula pakati,
yatsekedwa kuti iyambirenso.

Zonsezi khodi yanga yaziunjika mtanga umodzi. Ndipo mawu amene ndinasankha ine mwini, oti zatha, akuvomera zonse popanda kutsutsa. Phwando likapita bwino timati latha. Nsapato ikang'ambika timati yatha. Kuchipatala dokotala akatuluka atazolika n'kunena kuti zatha, palibe amaomba m'manja. Mawu amodzi omwewo! Ndakhala ndikuwanena moyo wanga wonse osawayang'ana kumaso.

Ndatha ine.

Lachisanu

Lero ndikufunsa mtambo mtundu umodziumodzi wa kutha. Koma nawo uli ndi mwambo wake: funso limodzi, sefa imodzi. Ukaika sefa ya mathedwe, ya chizindikiro ichoke. Ndiye amayi khumi aja abwereranso. Takulandirani amayi. Ndikuwachotsera pamtima.

Zotheka: sizikukwana theka.

Zolephera: mulu. Ndatsegula kuti ndione chalephera n'chiyani. Makina amadikira nambala yokha, koma anthu akwathu sangaponye nambala yopanda moni ngati akuponyera galu fupa. Wina: "Zikomo kwambiri, tamva, Ambuye akudalitseni." Wina: "Tadzuka bwino kaya inu." Wina walemba matumba ake bwinobwino, koma wayamba ndi kupereka moni kwa a Ngozo ndi banja lonse. Makina akuti zonsezi n'zolakwa. Ulemu wagwetsa alimi mayeso! Komabe awa amva, akukumba. Ndawapezera malo mulole ndi dzanja.

Zotha nthawi: mbali yonse ya kumalire. Kumeneko mafoni amathawira pa netiweki ya ku Mozambique, mwini wake osadziwa, foni ili m'thumba koma ili kunja kwa dziko. Meseji yanga sinawapeze. Makina adikira tsiku lawo limodzi, atseka chitseko, andiuza kuti zatha. Dzina la malume lili pamenepo.

Chimene chikundizunguza: chaka chatha ndili kwa malume foni yanga yomwe inandilandira m'Chipwitikizi. Ndinaseka, ndinajambula, ndinatumizira anzanga. Ndiye Lolemba nzeru imeneyi inapita kukatunga madzi?

Ndawauza a Ngozo. Sanakalipe. Angotsegula kabati, atulutsa chipewa cha njinga yamoto, andipatsa ndi manja awiri.

Chipewa. Pa tsitsi ili.

Loweruka

Tsangano. Mphepo yake yolowa mpaka m'mano. Dzulo ndafika dzuwa litapendeka, ndayenda makomo amene ndakwanitsa, mawu atha. Eee, nawonso atha.

Amene ndawapeza dzulo akumba mothamanga, ana ndi apongozi omwe. Kwa malume ndi kutali, kuseri kwa phiri, ndafikako lero m'mawa. Ndawapeza akukonza khola la nkhumba, mbatata yonse ili m'nthaka, ili phee.

Takumba. Ine ndi khasu, tsitsi la ukwati lili mbuu ndi dothi lofiira. Pa nthawi imene Tiyamike akunena kuti ndidzamukonda mpaka imfa, ine ndikutola mbatata yotemeka ndi khasu langa lomwe.

Lole yaikulu ija yafika pa nthawi yake, lero lokha. Dalaivala wadikira, waimba hutala, wadikiranso. "Achemwali, Limbe si pano," akutero. Yanyamuka ili ndi malo oti mungavinemo ngoma. Ngolo ya malume yatulukira pamsewu fumbi la lole lisanakhazikike.

Malume atsika pangolo, ayang'ana msewu, ayang'ana matumba awo. Kenako ine.

"Mwanawe, kompyuta yako ija inati chiyani za ine?"

"Inati zatha, malume."

"Sinaname."

Aseka okha. Ine kuseka kwandikanika, m'maso mwadzaza madzi. Ndanamizira mphepo.

Lamulungu

Msana wandikana, ngati chaka chatha. Diresi lili pakhoma, silinandibane n'kamodzi komwe. Tiyamike sakuyankha foni.

Potuluka m'tchalitchi a Ngozo andiyendera pambali. Paunyamata wawo anagwira ku migodi ya ku Joni. Akuti kumeneko madzulo ankawerenga otuluka m'mgodi kuti nambala ifanane ndi olowa m'mawa, ndipo wotuluka atanyamulidwa pamachira ankawerengedwanso kuti watuluka. "Nambala inkakwana tsiku lililonse," akutero. Andigwira paphewa, apita. Sindikudziwa ngati andikhululukira kapena andilalikira.

Masana ndatsegula laputopu. ZATHA ndafufuta. Tsopano pali mizere itatu: ZATHEKA, ZAKANIKA, SANAMVE. Sizokongola ngati poyamba. Khodi yatalika, yafika pa pemphero la mkulu wa mpingo.

Mbatata ya malume tikaigulitsa m'mabeseni pamsewu waukulu, kwa a m'minibasi amene amanenerera ngati tinaitola. Loweruka likubwerali ndili kumeneko. Chipewa cha njinga a Ngozo akuti ndingosunga.

Madzulo malume atsikira pa boma ndi matumba oyamba, ndipo foni yawo yabwerera m'dziko. Meseji ya Lachiwiri yawapeza lero. Akudziwa bwino kuti lole inapita, anaiona ndi maso awo. Ayankhabe, chifukwa munthu akakufunsa umayankha. Ndaliona yankholo likulowa, nambala yokhayokha monga makina amafunira, mlimi mmodzi yekha kumalire konse wolemba molondola: 14.

Mumtambo mulibe amene akumvera. Kaulendo kawo kanatsekedwa Lachitatu.

Ndawayankha ndekha, ndi chala changa: "Tamva malume. Mwaswera bwanji?"