Anandilira ku Mavwere Ndili Moyo

Mpaka lero mlongo wanga akakwiya amanditchula kuti malemu, ndipo ine sindiyankha chifukwa mlandu wake ndimaudziwa.

Chinali chaka chija kolera inavuta m'dzinja. Ine ndinkaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Kachebere, pomwe amayi ndi mlongo wangayo anali kumudzi kwathu ku Mavwere. Azaumoyo analetsa moni wa m'manja, kuphika pamaliro ndi maulendo osafunika. Munthu akafa ndi matendawa ankamukulunga m'pulasitiki n'kumuika tsiku lomwelo komwe wafera, kwawo kunkangopita zovala zake. Zonsezi ndinkazidziwa bwino lomwe (ndinkaziphunzitsanso ana m'kalasi, tangoganizani).

Panatha miyezi iwiri osawaona amayi, ndipo ndinawasowa kwambiri. Mafoni a m'manja nthawi imeneyo anali a mabwana a paboda, ndiye ndinaganiza zotumiza kalata ndi kamphatso. Ndinatenga bulangete langa loti amayi azifunda, komanso jekete ndi nsapato zanga zoti amalume azitchenera kutchalitchi. Kalata ndinaipisa m'thumba la jekete kuti isanyowe ndi mvula. Apa m'pamene nzeru za uphunzitsi zinandipweteka. Ndinati bwanji nditatumiza matenda pamodzi ndi mphatso? Ndinawaza kolorini katundu yense, n'kumukulunga m'pulasitiki yakuda, n'kumanga ndi chingwe. Ndinadziyamikira ndekha kuti ana osamala ngati ine ndi ochepa.

Phukusilo ndinapatsira a Zulu, bambo wina amene ankagulitsa mchere ndi sopo panjinga m'midzi ya kwathuko. Iwo anapeza pakhomo pali zii, anthu onse ali kumunda, choncho anangolisiya pakhonde n'kumapita.

Patatha masiku anayi, Loweruka m'mawa, ndili pakhonde ndikukukuta chimanga chootcha, ndinaona amalume akubwera akukankha njinga, kumutu atameta mpala. Atandiona anaima chilili. Njinga inagwa, iwo osaitola.

"Amalume, kwagwanji?" ndinafunsa.

Anabwerera m'mbuyo akuchita chizindikiro cha mtanda. "Iwe, ndiwe yani?"

"Ndine ndemwe, amalume. Mwandiiwala?"

"Ine ndabwera kudzaona manda ako," anatero. "Maliro ako tinameta dzulo."

Chimanga chinandipulumuka m'manja. Tinakhala pansi tonse awiri, motalikirana, aliyense akuopa mnzake. Atapezako mphamvu anandifotokozera. Amayi atamasula pulasitiki ija, n'kumva fungo la kolorini, n'kuona jekete ndi nsapato za mwana wawo, sanafunsenso munthu. Anagwa pomwepo. Katundu yense achibale anamutentha monga azaumoyo ankalangizira, kalata yanga ili m'thumba momwemo (masamba atatu, Chichewa chabwino, n'kamwambi komwe kumapeto). Mudzi wonse unasonkhana kudzalira, chinthu chomwe ine ndinkapewa posapita kwathu.

"Nanga amayi ali bwanji?"

"Chigwereni sanalawe kanthu. Ukachedwa tikalira maliro enieni."

Tinanyamuka nthawi yomweyo. Amalume anati ndipalase ndine, iwo akhale kumbuyo, ndipo njira yonse ankanditsina pamsana kuti atsimikize. Sindinadandaule.

Tinafika dzuwa litapendeka. Azimayi amene anali pamjigo atandiona anataya ndowa n'kuliyatsa liwiro. Mlongo wanga anatuluka m'nyumba, anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako anavula duku. Tsitsi limene analisunga zaka ziwiri kudikira chinkhoswe chake linali litapita lonse.

"Achimwene," anatero, "bola mukanafadi."

Amayi ndinawapeza atagona pamphasa, atayang'ana kukhoma. Anali ataonda m'masiku anayi okha moti ndinachita mantha, ndipo manyazi anandigwira kuposa tsiku lina lililonse m'moyo wanga. Ndinagwada n'kuwaitana. Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kuyamba kundisisita kumaso, m'makutu, m'mutu. Ndiye ine, mbuli yophunzira, ndinatsegula pakamwa.

"Amayi, musandigwire, azaumoyo akuti..."

"Khala chete," anatero, osandisiya. Analira kanthawi, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Bulangete ndinakupempha ine? Sukanangouza munthu kuti akandiuze kuti uli moyo?"

Anaitanitsa phala, ndipo anakana kulimwa mpaka nditayamba ndine kulawa iwo akuona.

Ndikanakonda kunena kuti ndinasiya kutumiza maphukusi, koma ntchito imachuluka, ndiye ndimatumizabe shuga ndi sopo. Kungoti amayi salandira msanga. Amamuimika wobweretsayo pakhomo, katundu ali m'manja, n'kumufunsa kaye: "Mwamuona ndi maso anu? Mwamusiya akupuma?"