Njinga ya Alamu Anga Ili Pansi pa Dzenje la Njerwa

Machinjiri, Blantyre
Febuluwale 1996

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Masewera,

Bwana, ndagwada. Ine ndine Bonifasi Nampinga, wowotcherera zitsulo, komanso wapampando wa Bungwe la Okwera Njinga Zapamadzi kuno ku Machinjiri. M'bungwe lathuli mulibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kusambira.

Choyamba, zikomo kwambiri chifukwa cha tepi ya vidiyo imene munatisiyira pa msonkhano wanu uja. Ife mwa umbuli wathu tinkapempha mipopi ya madzi, koma inu poona patali munatipatsa azungu akuuluka ndi njinga zamoto panyanja, kutembenuka m'malere, khamu la anthu likukuwa m'mphepete. Munati Malawi watsopano akufuna masewera okoka anthu ngati amenewa. Anzanga anzeru anaseka n'kumapita kwawo. Ine, chitsiru cha munthu, ndinakhulupirira.

Chachiwiri, popeza nyanja kuno kulibe, tinasankha dzenje limene anthu amakumbamo dothi la njerwa, mvula italidzaza. Njinga yamoto ndinabwereka kwa alamu anga a Malizani, powauza kuti ndikukazonda matenda ku Chiradzulu. Ndinaimangirira pa migolo iwiri ya akazi anga a Evelina, ija amasungiramo madzi otunga kutali. Kuti ntchito ilimbe ndinaboola migoloyo n'kumanga ndi mabawuti. Ndi imvi zonsezi, sindinaganize kuti pomwe palowa bawuti madzinso alowa.

Chachitatu, za oonerera musade nazo nkhawa. Anabwera a ku Ndirande, a ku Bangwe, amayi ogulitsa zitumbuwa, ena mpaka kukwera m'mitengo. Mlembi wathu Hawkins atandikankha, njinga inatembenukadi ngati mu vidiyo muja, kungoti siinatulukenso. Ine anachita kundivuula ndi nsungwi, matope m'makutu, buluku litatsala pansi. Aa, koma m'manja munawombedwa! Ngakhale pa ukwati wanga sizinatero. Panopa aliyense pamsewu akungondifunsa kuti ndimiranso liti.

Kunyumba ndiye kwavuta, ndipo apa pokha sindikuseka. A Evelina alongedza katundu. Akuti migolo ikapanda kubwera Loweruka lino akupita kwawo ku Phalombe ndi ana. Mayi ameneyu ndimamukonda, bwana, wandipirira pa zopusa zambiri, ndipo akachoka ine ndatha. A Malizani sakundilankhula, amangobwera m'mawa kudzaima pa dzenje paja atavala chipewa chawo cha njinga. Ndiye ndalengeza kuti Loweruka kuli chionetsero chachiwiri: munthu adzamangidwa chingwe m'chiuno n'kulowa pansi kukakola migolo ndi njinga. Munthuyo pakadali pano ndine.

Nali tsono pempho langa laling'ono. Tikumva kuti chiyambire cha zipani zambirizi inu mwakhala mukudumpha kuchoka chipani ichi kupita icho, mutu pansi miyendo m'mwamba, n'kukatera pa mpando womwewo osanyowa ngakhale taye. Luso lotere ife kuno tilibe. Chonde, Olemekezeka, bwerani Loweruka mudzatsegulire masewerawa podzalowa m'dzenjemo inu choyamba, kuti banja langa lipulumuke. Za chingwe musaope. Tidzagwira ndife amene tinakuvoterani, ndipo tidzakusamalani monga momwe inu mwatisamalira ife.

Ine wanu wonyowa ndi wodzichepetsa,

Bonifasi Nampinga
Wapampando